Fumbi pa Mapositala

Chipani chitatuma Ometa kuti apeze munthu woimira ukhansala m'dera lawo, anayenda mpaka nsapato zinayamba kuseka. Dokotala wa mano anati, "Ine ndimazula limodzilimodzi, inu mukufuna anthu andizule onse." Mwini hadiweya anabisala kuseri kwa matumba a simenti. Ofuna mpandowo anali aja oti akakupatsa moni umawerenga zala.

Anatsala alamu awo, akulu ake a mayi a kunyumba, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya pulayimale.

"Alamu, ndale n'zauve," anatero aphunzitsiwo akuchonga makope.

"N'chifukwa chake tikufuna wodziwa kugwira tsache. Ana sikisite mumawakhalitsa chete, makhansala khumi angakukanikeni?"

"Nanga lamulo lija? Wogwira m'boma saima asanasiye ntchito."

"Atcheyamani a chipani andilonjeza ndi pakamwa pawo. Mpando ndi wanu."

Anakana katatu. Kachinayi analemba kalata yosiya ntchito, ndipo Ometa anakaipereka okha ku ofesi, akuimba mluzu.

Lachisanu anatenga chithunzi cha alamu n'kupita kosindikiza mapositala. Wosindikizayo anachiyang'ana, n'kukanda m'mutu.

"Achimwene, a dera lanu ndinamaliza kale."

Analoza mulu pakona. Pamwamba pake pankamwetulira Matayala, mphwake wa atcheyamani, yemwe uja Ometa anamuthamangitsapo m'shopu chifukwa choba chipeso. Ometa anadutsitsa chala pamphumi pa Matayala. Fumbi la mwezi wathunthu. Kalata ya alamu inali ya Lolemba lomweli.

Ometa anaimbira foni atcheyamani ali pomwepo.

"Ndiye munkanditumiranji, bwana?"

"Iwe, mpikisano wa munthu mmodzi unauonapo kuti? Timafuna dzina laulemu papepala, mwanayu aoneke kuti wagwetsa munthu weniweni. Wagwira ntchito, Ometa. Loweruka ndibwera udzandichepetse ndevu."

Kusukulu anapeza alamu akutuluka m'ofesi, katoni ili m'manja: kapu, nsalu ya patebulo, belu losweka lomwe anagula okha. Kumbuyo kwawo wachiwiri wawo anali atakhala kale pampando, akuuyesa ngati ukuzungulira.

"Alamu!" anatero aphunzitsiwo. "Chithunzi chatuluka bwino? Musandiuze kuti andikulitsa mphuno."

Ometa, munthu amene pakamwa sipapuma ngakhale lumo lili pakhosi pa kasitomala, anangotambasula manja.

"Bweretsani katoniyo," anatero, "ndikunyamulireni."