Zopukusira Zitatu za Bambo

Makina osemera zitsulo aja anali m'chipinda chakumbuyo, pakati pa filiji yakufa ndi zenera loyang'ana pa chingwe choyanikapo zovala. Sanali aakulu; anthu awiri akanatha kuwanyamula. Mwini wake anagwira ntchito yokonza masikelo zaka makumi atatu, ndipo atapuma anayamba kusema timawilo ta mano ta mkuwa, akufuna kupanga wotchi ya pakhoma ndi manja ake. Makinawo anali ndi zopukusira zitatu: china choyendetsa tebulo kumanja ndi kumanzere, china kutsogolo ndi kumbuyo, chachitatu chotsitsa mpeni. Mkazi wake ankati zopukusirazo ndi akazi anzake, ndipo zonse zitatu zimagwiridwa dzanja kuposa iye.

Kenako matenda opha ziwalo anagwira mkono wa kumanja wa mkuluyo. Ankalowabe m'chipindamo m'mawa uliwonse, n'kungokhala pampando kuyang'ana kawilo kamene anakasiya kali ndi mano asanu ndi awiri okha.

Mwana wawo wamkazi, amene ankakonza zamagetsi kufakitale ya mabotolo, ndiye anabwera ndi nzeru. Anati aika mota pa chopukusira chilichonse, alumikiza ku kompyuta yakale, bambo ake azingonena manambala, makina aziyenda okha. Mkuluyo anavomera, koma anati zopukusira zisachoke. Mwanayo anafotokoza kuti zikatsala zidzazungulira limodzi ndi mota, zitha kukola malaya kapena kumenya munthu. Bambowo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anayankha ndi lilime lake lolemera lija.

"Magetsi akazima, makina anga asasanduke chitsa. Ndipo chitsulo umachimvera m'dzanja, mwanangu. Kompyuta yakoyo idzadziwa bwanji kuti mpeni wabuntha?"

Choncho mwanayo anafunafuna mamota okhala ndi kachitsulo kozungulira kotulukira mbali zonse ziwiri, kuti chopukusira chikhale kumapeto kwake. Loweruka lililonse ankabwera ndi mabawuti m'thumba. Akatopa ndi mawaya, ankakhala pa kompyuta, bambo ake n'kumamuwerengera kuchokera m'kope lawo lamafuta mmene kawilo kaja kasemedwere. Dzino lililonse likatha ankati, apa uime pang'ono. Mwanayo atafunsa chifukwa, bambowo anati ndi pamene amauzira nyenyeswa za mkuwa. Mwanayo anaseka, nati makina alibe mlomo. Mkuluyo anangomuyang'ana, ndipo iye analemba kuima kwa masekondi atatu pa dzino lililonse.

Bambowo anamwalira Lachitatu lina m'mawa, ali pampando womwewo, waya womaliza usanalumikizidwe.

Chitseko chinakhala chotseka miyezi iwiri. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, mwanayo analowa yekha, analumikiza waya uja, anamanga bwino kawilo ka mkuwa, n'kudina batani. Mota inalira. Chopukusira cha kumanja chinayamba kuzungulira pang'onopang'ono, chapansi chinatsatira. Kenako zonse zinaima. Masekondi atatu. Zinayambanso.

Iye ndiye analemba zonsezi, ankadziwa waya uliwonse kumene ukupita. Komabe tsitsi linamuima. Anazindikira kuti waimirira pambali, pafupi ndi filiji, pamalo pamene ankaima ali kamtsikana kuti asatchinge kuwala. Kutsogolo kwa makina kunali kopanda munthu, koma iye sanasendereko.

Sanamve mayi ake akulowa. Anangomva beseni la zovala likugwa pansi. Mayiwo anali pakhomo, maso ali pa zopukusira, ndipo zitaimanso, milomo yawo inasongoka ngati akuuzira.

"Ndi kompyuta, Amayi," anatero mwanayo. "Ndi manambala chabe."

"Ndikudziwa. Koma bambo ako amaima choncho."

Mwanayo asanawaletse, mayiwo anayandikira n'kuika dzanja pa chopukusira cha kumanja, pamene utoto unatha chifukwa chogwiridwa. Masekondi atatu aja anatha. Chogwirira chinazungulira n'kuwamenya pamfundo ya dzanja. Mwanayo anazimitsa makina, mpeni n'kuima pakati pa dzino.

Kukhitchini anawamanga dzanjalo ndi nsalu yonyowa. Silinathyoke, koma linatupa msanga. Mwanayo anati mawa achotsa zopukusira zonse, anali atachenjeza kale kuti zidzapweteka munthu. Mayiwo anangonena kuti pa zaka makumi anayi mwamuna wawo sanawakwezerepo dzanja, ndiye wayamba lero. Anaseka pang'ono, kenako analira, mwanayo n'kulira nawo.

M'mawa mwake anabweradi ndi sipanala. Anamasula bawuti ya chopukusira choyamba mpaka theka, n'kuima. Anaimanganso. Sanayatse kompyuta. Anangoyatsa mpeni, anaima kutsogolo kwa makina kwa nthawi yoyamba, nagwira chopukusira. Poyamba chinayenda chopepuka, kenako chinalimba, ndipo kunjenjemera kwa mkuwa kunakwera m'zala zake mpaka m'chigongono. Anazindikira yekha kuti mpeni uli wobuntha. Anaunola pa mwala wa bambo ake, napitiriza. Mano anayi anamutengera m'mawa wonse, ndipo limodzi linatuluka lopendekeka.

Mano otsalawo ankafuna kompyuta, apo ayi wotchiyo ikanatha iye atakalamba. Anachotsa kuima kuja m'manambala, poganiza kuti mtima ukhala pansi. Makina anasema mothamanga, osapuma, ngati mlendo amene walowa m'chipinda cha eni. Mwanayo sanathe kupirira ngakhale mano awiri. Anabwezera kuima kuja.

Kuti wina asavulalenso, anasoka timatumba ta nsalu yokhuthala n'kuvindikira zopukusirazo. Atayatsa, nsaluzo zinayamba kutukumuka ndi kuphwa ngati muli zibakera zikuyenda mkati. Mayi ake, amene anali pakhomo ndi dzanja lawo lomanga, anatembenuza nkhope.

"Chotsa zimenezo. Bola ndiziona."

Anazichotsa. M'malo mwake analemba mzere wa choko pansi, phazi limodzi kuchokera pa makina, nauza mayi ake kuti makina akamayenda asadutse pamenepo. Mayiwo anakoka mpando wa malemu n'kuuika kuseri kwa mzerewo.

Wotchiyo inatha patapita chaka ndi miyezi itatu. Imatsalira mphindi zinayi pa tsiku, ndipo mwanayo sakudziwabe kuti vuto lili pa kawilo kati. Mwamuna wa mwanayo anamuuza kuti makinawo awasamutsire kunyumba kwawo, kumene kuli malo okwanira. Mwanayo atawafunsa mayi ake, mayiwo anayankha kuti aganiza kaye. Mpaka lero akuganizabe, ndipo m'chipindamo amasesamo okha.