Kamutu ka Wotchi

Chichitireni sitiroko, bambo wina wokonza mawotchi sankathanso kulankhula, ndipo dzanja lake lamanja linangoti lende. Shopu anatseka. Chimene anatsala nacho ndi wotchi yake yachitsulo, yosayendera batire, yofuna kupukusa m'mawa uliwonse.

Poyamba ankayesa yekha ndi dzanja lamanzere, ataipanikiza pabondo. Inkaterereka n'kugwa. Tsiku lina anailoza kwa mkazi wake, uku akung'ung'udza.

"Mukuti chiyani, bambo? Ndiipukuse?" anafunsa mayiyo, akupukuta manja pachovala. "Zala zangazi n'zochapira, musandiseke."

Mwamunayo ankadziwa zonse zoyenera kunena. Kamutu kam'mbalika umayamba wakamasula, kukapotolera kwa iwe, mpaka kadumphe pang'ono. Ndiye upukuse mofatsa, ndipo ukamva kulimba, leka. Potseka umakadina, n'kukabweza pang'ono kuti mazinga akumane, kenako n'kumanga. Mawu onsewo anali m'mutu, koma pakamwa panangotuluka malovu.

Kumasula ndi kupukusa mayiyo anakhoza. Wotchi inayamba kugunda, mwamuna wake n'kumwetulira. Potseka ndi pamene kamutu kanalowa mopendama. Mwamunayo anaona, anamenya patebulo, anabuula.

"Ee, ndamva, ndilimbitsa," anatero mkazi wake, nakankha ndi mphamvu zake zonse.

Kunamveka kakuti khwe. Kamutu kanayamba kungozungulira osagwira. Mazinga anali atatha.

Pasanapite masiku ambiri, madzi osamba analowa pampata womwewo. Galasi linachita nkhungu m'kati, mivi n'kuima.

"Musalire, bambo, ndikakonzetsa," anatero mayiyo, naikulunga m'kampango.

Anapita m'mawa, anabwera dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu. Anakhala pamphepete pa bedi osavula nsapato.

"Ndazungulira tauni yonse. Kulikonse n'zamafoni zokhazokha. Wina wati ndiitaye ndigule ya pulasitiki." Anapinda kampango kaja. "Wina ndiye wandiuza kuti panali mdala mmodzi yekha wodziwa zimenezi, kuseri kwa sitolo ya nsapato. Akuti koma mdalayo anamwalira chaka chatha."

Kuseri kwa sitolo ya nsapato ndi kumene kunali shopu ya mwamunayo.

"Ine sindinawatsutse, bambo."

Iye anafuna kumuuza kuti sanalakwe. Anatsegula pakamwa, mkazi wake n'kumupukuta chibwano. Kenaka mwamunayo anatembenukira kukhoma, ndipo chakudya chamadzulo sanachikhudze.