Kabokosi ka a Lawrence

Temwani ankaphunzira zamakompyuta pa yunivesite ina ku Salford, kutsidya la nyanja. Kafukufuku wake anali wojambula pulogalamu ngati chithunzi chogawidwa timabokosi: fayilo iliyonse kabokosi kake, fayilo yaikulu kabokosi kakakulu. Chithunzicho chinkayenda mwezi ndi mwezi kuti munthu aone mmene pulogalamuyo yasinthira. Njira zojambulira zinali ziwiri. Yoyamba inkatulutsa timabokosi tooneka bwino, koma tinkangodumphadumpha. Yachiwiri inkatisiya pamalo amodzi, koma tinkaonda ngati machesi. Iye ankayenera kupeza yothandiza.

Ankafuna anthu makumi atatu odziwa kulemba mapulogalamu kuti ayese njirazo, koma pofika Malichi anali atabwera asanu ndi anayi okha. Atalengeza kutchalitchi, anadzipereka a Lawrence Mwelwa, bambo a ku Chipata amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni ina, ku Rotherham. Kale ali ku Lusaka analemba nawo pulogalamu yaulere yosungira mayina a odwala, ndipo inali imodzi mwa zimene Temwani ankayesera.

Anabwera tsiku lawo lopuma, atakwera basi ndi sitima.

"Mwanawe, undionetse gawo langa," anatero atangokhala pansi. "Losindikiza makadi a odwala. Linandidyera zaka zinayi."

Temwani anatsegula chaka cha 2014 n'kuwalozera kabokosi kakakulu pakona. Bambowo anamwetulira. Temwani atayamba kuyendetsa miyezi, kabokosiko kanalumphira pakati, kenako m'munsi, n'kusowa.

"Kathawira kuti?"

"Dikirani, tiyese njira inayo."

Kumeneko kanangoonda mpaka kutsala kamzere. A Lawrence anavula magalasi n'kuyandikitsa nkhope pakompyuta. Temwani anafufuza m'mbiri ya mafayilo, n'kupeza kuti gawolo linachotsedwa mu 2021. Wochotsayo anangolemba kuti n'zakale, palibe akuzigwiritsa ntchito. Temwani anasowa pobisa, anawaonetsa.

Bambowo anawerenga kawiri. Kenako anatenga fomu ya mafunso.

"Apa akufunsa njira imene yandithandiza. Ndichonge iti?"

"Sindiloledwa kukuuzani, bambo."

A Lawrence anaisiya yosachonga, navala jekete. Anati mawa alawirira kuntchito.

Masana omwewo Kate, mphunzitsi womuyang'anira, anauza Temwani kuti mayankho a bambowo sangawerengedwe, poti pulogalamuyo ankaidziwa kale. Temwani anangogwedeza mutu. Lamlungu anawapeza a Lawrence kutchalitchi, pa benchi yakumbuyo. Anapatsana moni, n'kufunsana za ana ndi za kuzizira.