Nkhuku Yakuda ya Mfumukazi ya Agiriki

Laurenti sankatha kumva munthu akulankhula osamuyeserera. Kondakitala wa minibasi akakalipa ku Limbe, pofika ku Ndirande Laurenti amakhala atamulanda kale mawu, mpaka kakhosomoledwe komwe. Ntchito yake inalinso yomweyo: ankamasulira mafilimu m'Chichewa. Ankakhala m'kachipinda kuseri kwa msika, maikolofoni pakamwa, n'kumalankhulira aliyense wa mufilimumo, mfumu, mbava, mkazi, ngakhale hatchi. Mkazi wake Olive analibe nazo vuto. Pakhomo pankapezeka ndiwo, ndipo mwamunayo sanali chidakwa.

Mwezi umenewo Laurenti anatulutsa filimu ya asilikali akalekale a ku Girisi, ndipo inagwira tauni yonse. Olive sanaionere. Ankangomva anthu akuitchula ali pabenchi pake pamsika, pomwe ankagulitsa kaunjika.

Tsiku lina bambo wina wa njinga ya kabaza anaima, n'kumugwadira mwachipongwe.

"Wawa, mfumukazi! Nanga nkhuku yakuda ija inagwira ntchito?"

Anzake anaphulika kuseka. Olive anacheukira Annie, mnzake wogulitsa nsapato pabenchi loyandikana. Annie anayamba kupukuta nsapato yopukuta kale.

"Asisi, mukudziwa kanthu inu."

"Ine ayi. Ndangomva kuti mufilimu ya alamuwa muli mfumukazi, dzina lake Olive."

"Ndiye?"

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, mzanga. Kaonereni nokha. Katunduyu ndikuyang'anirani."

Olive anamanga chitenje bwino n'kupita ku vidiyo sho ya pafupi ndi mijigo. Munali mdima, kutentha, fungo la thukuta ndi chipisi. Anakhala kumbuyo pabenchi la amuna okhaokha.

Pa sikirini panali nkhondo. Amuna a zifuwa zapamtunda, zisoti zachitsulo zokhala ndi ubweya ngati tsache pamwamba, anali atalumikiza zishango ngati khoma, adani akuwakhamukira. Mikondo inkalowa m'mimba, magazi kuthovoka. Ndipo pamwamba pa phokoso lonselo panali mawu a mwamuna wake.

"Iwe Chimutu, gwira bwino mkondowo, si mpini wa khasu! Taonani uyu, wabwera ku nkhondo atavala siketi ya mlongo wake!"

Anthu ankagwa nako kuseka. Olive nayenso anamwetulira pang'ono. Luso analidi nalo.

Kenaka nkhondo inaduka. Panaoneka mkazi wa mfumu, atavala nsalu yoyera, akukwera phiri yekha kupita kwa ansembe a milungu yawo.

"Awa ndi mayi Olive, akunyumba kwa amfumu," anatero mawu aja. "Ku kwaya sajomba, koma lero ali pa ulendo wa ku Mulanje kwa asing'anga, nkhuku yakuda ili m'jumbo. Zaka zapita, mwana njee!"

Mfumukaziyo inagwada pamaso pa wansembe. Laurenti anapyapyalitsa mawu.

"Ambuye, mungondipatsa mmodzi yekha. Ngakhale wolumala, ndimulera."

Chiseko chinagwedeza malata. Mawu amenewo anawalankhula Olive mwiniwake, chaka chatha, atagwada pambali pa bedi, chitseko chotseka. Anawamva munthu mmodzi basi. Za ku Mulanje nazonso sanauze ngakhale mchemwali wake.

Sanadikire kuti aone amene anapambana nkhondoyo. Anabwerera ku msika, analongedza kaunjika wake dzuwa likadali pamutu, n'kupita kunyumba.

Laurenti anafika madzulo akuimba likhweru. Anapeza mkazi wake atakhala pampando, mbaula yosayatsa.

"Kodi lero tikusala kudya, mayi?"

"Ndakaonera Agiriki anu."

Likhweru linathera pomwepo. Laurenti anakanda m'mutu, kenaka anaseka.

"Aaa, zimene zija? Ndi ntchito chabe. Ku Blantyre kuno a Olive alipo angati? Munthu sangadziwe."

"Wa kabaza wadziwa. Wandigwadira pamsika."

"Anthu amafuna zoti azidzionamo, mayi. Ukangomasulira zimene mzungu wanena, amagona. Pamenepo mpamene aseka kwambiri filimu yonse, mukanaona ku Bangwe..."

"Ndaona ku Ndirande, zandikwana."

"Chabwino, ndalakwa. Lilime lilibe fupa. Mawa ndifufuta."

"Mufufuta m'mafoni a anthu? Ili m'mamemore khadi ku Machinjiri, ku Zingwangwa, mwina yafika kale ku Mwanza. Madzi akatayika saoleka, a Laurenti."

Mwamunayo anakhala pansi. Anayesa mawu a mfumu ya mufilimu ija, okhuthala. "Mfumukazi yanga, khululukira kapolo wako."

Olive sanaseke.

"Za kuchipinda zikavuta zimapita kwa ankhoswe. Inu mwazipititsa ku vidiyo sho. Tsopano ndikufunseni. Tsiku lija kuchipatala, adokotala atatiyeza tonse awiri, anati vuto lili mwa yani?"

Laurenti anayang'ana kukhomo, ngati kuli wina akumvetsera.

"Tsitsani mawu."

"Anati lili mwa yani?"

"Mwa ine," anayankha motsitsa.

"Munandipempha mukulira kuti ndisauze munthu. Ndinasunga. Amayi anu akamanditcha chumba, ndinkangowapatsa tiyi. Ku Mulanje ndinapitira inu, kukakufunirani mankhwala, ine wa kwaya ndi nkhuku m'jumbo. Bwanji zimenezo simunamupatse Chimutu kuti azinene ali ndi mkondo wake? Sakanaseka anthu?"

"Olive, chonde. Ukaulula, ine m'tauni muno sindiyendanso."

"Sindiulula. Ine si womasulira."

Anadzuka n'kulowa kuchipinda. Laurenti anamva chikwama chachikulu chikutsitsidwa pamwamba pa wadiropu, ndipo anathamangira pakhomo.

"Usachoke, mayi. Ukupita kuti? Tikambirane."

"Ndichoke ndipite kuti? Puloti ino anandisiyira ndi malemu mayi anga."

Apo mpamene Laurenti anaona zimene zinkalowa m'chikwamamo: malaya ake, mathalauza ake, jekete la ku ukwati, mahedifoni. Olive ankapinda chilichonse bwinobwino, mosafulumira. Nsapato anazikulunga m'nyuzipepala kuti zisadetse zovala.

"Achimwene anu ku Chilomoni ali ndi chipinda chosagonamo munthu," anatero akutseka zipi. "Amalume ndiwauza ndekha Loweruka, akakumane ndi ankhoswe anu. Akakufunsani chifukwa, mudzawauze mmene mungafunire. Pakamwa muli napo."

Ananyamula chikwamacho n'kuchiika pakhonde. Kenaka anatenga mbaula, nathiramo makala okwanira kuphika chakudya cha munthu mmodzi.