Mawu Oyamba Amene Kabatani Anamva

Apongozi anga anakumbukira kuti ali ndi mdzukulu tsiku limene anamva kuti opaleshoni ya khutu la mwanayo yayenda bwino. Zaka ziwiri ndi theka zonsezo, mwana wanga kwa iwo anali "kagonthi kaja". Ankanena zimenezi mwanayo ali pamiyendo panga, n'kuwonjezera kuti palibe vuto, sakumva. Ine ndinkamva.

Mwanayo timamutcha Kabatani, chifukwa ndine telala ndipo wakulira pansi pa mashini anga akutola mabatani. Anabadwa wosamva. Madokotala atatsimikiza, apongozi anati kumtundu kwawo kulibe zimenezo, ndiye aliyense anadziwa kumene chala chikuloza. Ine ndinayamba kuphunzira chinenero cha manja Loweruka lililonse, bambo akenso ankayesetsa, ngakhale zala zawo zinauma ndi masipanala a kugalaja. Tsiku lina titapita kukacheza, Kabatani anapempha madzi ndi timanja take, agogo akewo n'kumumenya padzanja. Akuti m'nyumba mwawo anthu amayankhula ndi pakamwa. Ine ndikasunga chinthu mumtima sichiwola.

M'chinenero cha manja aliyense amakhala ndi dzina lake. Ine ndine dzanja lopukusa gudumu la mashini, bambo ake ndi chala chokanda ndevu. Ngakhale mayi wotigulitsa ulusi ali nalo lake. Agogo ake analibe, ndipo sindinavutike kuwapezera.

Pa opaleshoni paja anamuika kachipangizo kothandiza kumva pansi pa khungu kuseri kwa khutu, kokhala ndi kawaya kolowa m'kati. Tinayenera kudikira milungu inayi kuti bala lipole asanakayatse. Dokotala wa makutu, mayi wofatsa wa magalasi, ali ndi kachitidwe kake: tsiku loyatsalo banja limasankha munthu mmodzi woyamba kuyankhula ndi mwana. Anandichenjeza ndili ndekha kuti ndisayembekezere kumwetulira. Khutu limene silinamvepo kanthu limalandira mawu oyamba ngati chiphokoso choopsa, ana ambiri amalira, ndipo ena amamuthawa munthuyo kwa masiku.

Apongozi anamva za kusankhako kuchokera kwa mwana wawo, bambo a Kabatani. Anatulukira kushopu kwanga ndi nsalu yobiriwira kuti ndiwasokere diresi ya tsikulo, ndipo ndikuwayeza m'chiuno anandiuza kuti ulemu woterewu ndi wa munthu wamkulu m'banja. Bambo a Kabatani anayang'ana pansi kudikira kuti ndiphulike.

"N'zoona, amayi," ndinatero, mapini ali kukamwa. "Akulu ndinu."

Zinandipweteka, sindinama. Mawu oti ndidzamuuze ndinawasunga kuyambira ali m'mimba. Koma kulirako kunali kobwera ndithu, ayankhule ine kapena wina, ndipo ndinafuna kuti kugwere woyenera. Diresiyo ndinaisoka bwino kuposa ina iliyonse chaka chimenecho.

Chipinda choyatsira n'chaching'ono: kapeti, bokosi la zidole, tebulo la kompyuta. Mlamu wanga, mng'ono wa bambo a Kabatani, anaima pakona ndi foni kuti ajambule, anzawo a apongozi akaone. Dokotala anakoleka kachida kakunja pakhutu, maginito n'kumata pamutu, kenako anayamba kudina pa kompyuta. Kabatani anali kusanja timatabwa. Anasiya, n'kuphethira. Dokotala anakweza pang'ono, kenako anagwedezera mutu apongozi, n'kuwanong'oneza kuti ayankhule motsitsa.

Motsitsa? Munthu amene akaitana wogulitsa masamba msewu wonse umatembenuka? Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda ya mwana.

"Mdzukulu wanga! Ndine agogo ako!"

Kabatani anauma thupi. Kankhope kanakwinyika, n'kukuwa kukuwa kumene sindinakumvepo. Anazula kachida kaja, n'kukaponya pa diresi yobiriwira, n'kuthamangira m'miyendo mwanga. Foni inajambula zonse, mlamu anaiwala kuzimitsa.

Ndinamunyamula, mtima wake ukugunda pachifuwa changa, ndipo ndinadzida pang'ono. Pang'ono pokha. Atatonthola anasuzumira paphewa panga, analoza apongozi, n'kugwedeza kachala m'mwamba.

"Akuti chiyani?" anafunsa apongozi, mawu atachepa.

"Akufunsa kuti ndinu ndani."

Dokotala anati ndi bwino ndimuyankhe, mwana asasiyidwe ndi funso. Ndinamukhazika pansi kuti aone bwino manja anga. Ndinaloza agogo ake, kenako ndinatambasula dzanja lamanzere n'kulimenya pamwamba ndi lamanja, kamodzi.

Kabatani anawayang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wakumbukira. Anatambasula kadzanja kake n'kudzimenya chimodzimodzi.

Apongozi sanafunsenso kuti akuti chiyani. Anakhala pampando wa ana umene unali pafupi, mawondo m'mwamba, diresi itakwinyika. Dokotala, posadziwa nkhani, anawauza mokoma kuti asangalale, apatsidwa dzina, ndipo dzina la manja likaperekedwa silisinthasintha.

Pano Kabatani ali ndi zaka zinayi. Amamva mashini anga ali kuchipinda china, amayankhula mpaka makasitomala kutopa naye. Amati "amama", amati "adadi", amati "batani". Agogo ake akagogoda pakhomo amamva, amathamanga kukasuzumira pawindo, kenako amabwera kudzandiuza amene wabwera, ndi manja.