Besi ya Kumapeto kwa Chimbale

Singano itatsika pa chimbale, choyamba kumveka sichinali nyimbo ayi, koma kuthetheka kwa fumbi ngati chimanga pa chiwaya. Kunja chiperoni chinali chitakuta Luchenza yense. Phiri la Mulanje osaoneka, njanji osaoneka, mitengo ya bulugamu ili mbuu m'nkhungu. M'nyumba munali bii ngakhale anali masana. Mayi Nangondo anakhala pa mpando wa malemu amuna awo, mpando umene sanaukhalepo chikwatiwireni, manja ali pa maondo.

Mawa lake kunali kusudzula. Abale a malemu Makwinja anali atafika kale, ndipo katundu wa mwamunayo, jekete, njinga, galamafoni ndi zimbale zake, amayenera kubwerera kwawo ku Phalombe. Masana amenewa okha ndi omwe anawatsalira mayiwa kuti amve chimbale chimodzi ichi mpaka kumapeto, ali pafupi, ali chete, monga bamboyo ankawapemphera kwa zaka makumi anayi.

Chimbalecho a Makwinja anabwera nacho kuchokera ku Bulawayo akali mnyamata wa pa njanji. Kuseri kwa chikuto kunali azungu asanu a tsitsi lofika m'mapewa, nkhope zili ndwii ngati awamana chakudya. Ndiye nyimbo yakeyo, abale! Mbali yonse ya chimbale nyimbo imodzi yokha. Yosavinika, yosawombereka m'manja, yoti ukateleka nyemba iyo ikuyamba ukabwerako uipeza ikadafunafuna njira. Mayi Nangondo ankaitcha nyimbo ya anthu opanda ntchito. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi bambo ankaiyika, iwo n'kutenga mpeni ndi masamba ulendo wa kukhitchini.

Komatu panali malo amodzi amene ankawakonda, ngakhale sanaululepo. Cha kumapeto, zonse zikaphokosera n'kutopa, kunkabwera besi ya munthu mmodzi, yakuya, yopanda mawu, yongong'ung'udza pansi pa zoimbira zonse. Inkadutsa khoma n'kuwapeza ali pa mbaula. Ikafika, mpeni unkaima wokha. Lero ankafuna aimve besi imeneyo popanda khoma pakati.

Nyimbo inayamba ndi chitoliro chokha, chowonda, chamanyazi, chonga munthu woodira pakhomo pa eni ake. Kenaka limba linalowa pansi pake pang'onopang'ono, n'kumakula, n'kumakula, mpaka makapu a m'kabati anayamba kunjenjemera. Gitala anabwera osathamanga. Ananena zake, chitoliro n'kumuyankha, limba n'kuwagwirizanitsa. Ng'oma nazo sizinkayenda monga ng'oma ziyendera kwathu kuno. Ukati waponda nazo, izo zadumpha phazi limodzi, ukati wazigwira, zatembenuka. Mayi Nangondo anadabwa kuona kuti sizinkasochera. Zinkadziwa kumene zikupita, ndipo aliyense mwa asanu aja ankadikira mnzake.

Mayiwo anamva mvula m'menemo, anamva sitima ikukwera chitunda usiku wa dzinja, anamva mpingo waukulu ukuimirira nthawi imodzi. Mnyamata wa mawu okwera anaimba Chingerezi chimene iwo sanachitole, koma chisoni chake anachitola. Anachita manyazi. Zaka zonsezi mwamuna ankawaitanira ku chinthu chokoma chotere, iwo n'kumamuyankha ndi msana.

Chitseko chinatseguka. Anali a Filesi, mlongo wake wa malemu, atabwera ndi ukali kudzaona amene akuliza nyimbo m'nyumba ya maliro asanasudzule. Koma anapeza limba lili pakati pa ulemerero wake, lokhalokha, likukwera ngati pa tsiku la mgonero. Ukali unawathera pakhomo pomwepo. Anakonza mpango kumutu, anakhala pansi pa mkeka, n'kuweramitsa nkhope.

"Ndi ya mpingo uti imeneyi, alamu?" ananong'ona.

"Ya achimwene anu," anayankha mayi Nangondo.

Kenaka zonse zinaphulika pamodzi, ng'oma, magitala, limba, mabelu, kuthamangitsana, kugundana, kukwera mpaka poti munthu sangapume. Ndipo mwadzidzidzi, zii. Kunangotsala madontho a chiperoni pa malata. Mayi Nangondo anawongola msana, pakuti apa ndi pamene ankapadziwa. Chitoliro chija chinabwerera, limba linachitsatira mofatsa, nyimbo ya poyamba ija inadzukanso itakula, itakhwima, ikuyenda ngati anthu ochokera kumanda. Iwo anatchera khutu kudikira besi.

Anadikira. Limba linafika pamene besi imalowera, n'kudutsa. Linafikanso kachiwiri, n'kudutsa. Pansi pa nyimbo panali pongoti mbee, popanda munthu. Zoimbira zinatsika chimodzichimodzi, chitoliro chinatsala chokha, nacho chinazima, singano n'kuyamba kukwekwesa pakati pa chimbale.

Mayi Nangondo anaganiza kuti mwina singano yatha. Anadzuka, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, anaibwezera pa malo a zii paja. Nyimbo inabwereza ulendo wake wonse, yokongola monga poyamba, ndipo besi sinabwere. Apo m'pamene anatembenuka n'kuyang'ana mpando uja, mmene unakhalira kufupi ndi khoma la kukhitchini, ndi pamene mutu wa mwini wake unasiya banga pa laimu. Azungu asanu aja sanaimbepo besi imeneyo chiyambire. Amene ankaiimba anali mwamuna wawo, Wedisoni Makwinja, maso ali chitsinzinire, kuseri kwa khoma, mkazi wake ataimitsa mpeni kumvetsera mlendo wa ku Ulaya.

Mayi Nangondo analira tsopano, kulira kumene sanalire tsiku loika maliro. A Filesi anasendera pafupi n'kuwagwira phazi.

"Ngati mukuchifuna chimbalechi, alamu, ndikauza amalume chitsale."

Mayi Nangondo anachotsa singano, analowetsa chimbale m'chikuto chake bwinobwino, n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Tengani, alamu," anatero. "Amene ndimafuna kumva mulibemo."