Nyenyezi Zitatu pa Nyama ya Ukwati

Makina osindikiza atasiya kulira, Gunvor anang'amba pepala n'kuliyang'ana. Pamalo a nambala panali nyenyezi zitatu.

"Ndiye kuti yakhoza mayeso!" anatero amalume ake, a Torvald, akusuzumira paphewa pake. "Kusukulu ine sindinapatsidwepo ngakhale imodzi."

Chinali chaka chimene mvula inagwetsa fumbi lapoizoni lochokera pa ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl m'nkhalango za kumpoto kwa mzinda wa Gävle, ndipo alenje ankabweretsa nyama ku labotale kudzayezetsa poizoni wosaonekayo. A Torvald anali atapha mphalapala yoti idyedwe pa ukwati wa mwana wawo Loweruka.

"Amalume, tapitani kaye. Ndikuimbirani."

"Aphikiretu azakhali ako?"

"Asakhudze mpeni."

Atatuluka, Gunvor anaitana Östen, mnzake wa pantchito amene analemba yekha pulogalamu ya kompyuta yoyezera poizoniyo zaka ziwiri m'mbuyomo. Ankainyadira ngati mwana wachisamba. Anabwera kapu ya khofi ili m'manja.

"Mwana wako wayamba kujambula," anatero Gunvor.

"Wamupatsa chiyani? Kwa ine sachita mwano."

Östen anatulutsa disiki, n'kuiuzira mpweya, n'kuibwezera. Anayezanso. Nyenyezi zitatu. Anayeza mkaka wa dzulo, nambala inatuluka bwinobwino.

"Ndiye sakudwala," anatero Gunvor. "Akungokana nyama yokhayi. Chifukwa chiyani?"

"Mwina sadya nyama. Lemba kuti makina analephera, atumize nyamayo ku labotale ya ku Uppsala."

"Yankho lidzabwera anthu atatsuka kale mbale. Safunsa anadya phula, Östen. Unamuphunzitsa kuti azijambula nyenyezi pakachitika chiyani?"

"Sindinamuphunzitse. Amachita yekha nambala ika..." Anaima. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Ikakula kuposa malo ake. Ndinasiya malo a manambala atatu okha. Nthawi imeneyo tinkayeza madzi a m'zitsime, ndani akanaganiza zopitirira 999?"

Anayang'anana. Kukonza pulogalamuyo kukanatenga tsiku, chifukwa Östen mwiniwake sankakumbukanso mmene anailukira.

"Ngati pakamwa pake ndi pang'ono, timudulire nthuli yaing'ono," anatero Gunvor.

Anadula gawo limodzi mwa magawo khumi, n'kuliika m'makina, koma kompyuta sanaiuze kuti nyama yachepa. Anadikira. Makina osindikiza analira, ndipo ulendo uno panatuluka 412.

"Kanthuli kokhaka kadutsa kale malire a nyama yololedwa kudya," ananong'ona Östen. "Uchulukitse kakhumi."

"Ndachulukitsa kale."

Gunvor anaimba foni. A Torvald anamvetsera osamudula mawu, zimene sizinachitikepo chibadwire Gunvor.

"Iwe mwana, nyama yake ndi yofiira bwino. Fungo ilibe."

"Ndikudziwa, amalume. Koma isafike patebulo. Ngakhale galu musamupatse."

Chapatali Gunvor ankamva wailesi ya kukhitchini ndi azakhali ake akufunsa kuti akuti chiyani.

"Mphalapalayo inkadya kuseri kwa nyumba yathu," anatero a Torvald pomaliza. "Komwe adzukulu amatola mabulosi."

M'mawa mwake Gunvor anawapeza atakhala pamasitepe a labotale, chipewa chili pabondo. Pambali pawo panali dengu: mabotolo a jamu, bowa wouma, nsomba ziwiri za m'nyanja yawo, ndi dothi la m'dimba lomangidwa m'mpango.

"Uyambe ndi jamu," anatero. "Ndi amene ana adya kwambiri."